Buledi wa Amayi a Chomba

Perpetua anali akadali watsopano pa ntchito yake, m'sitolo ina ya mankhwala ya m'mbali mwa msewu wa Cairo, tsiku limene Chomba analowa koyamba. Kunja kunali mphepo ya mu Ogasiti yoponya fumbi m'maso. Mnyamatayo anali atavala shati yoyera yosita bwino, makiyi a galimoto akuwazunguza pa chala.

"Muli shani, ba sisi? Nifunako tumapepala tuja topimila shuga."

Perpetua anatsitsa kabokosi pa shelefu. "Ndinu mukudwala?"

"Awe, ni amai. Shuga ibavuta maningi. Ndine neka nimabasamala."

Ananena mawuwa akuyang'ana pansi, ndipo Perpetua anamumvera chisoni. Ndi anyamata angati mu Lusaka muno amene angapondeponde fumbi kufunira mayi awo mankhwala? Chomba atalandira kabokosi kake sanafulumire kutuluka. Anawerenga dzina pa baji ya mtsikanayo, n'kumwetulira.

"Perpetua. Dzina yabwino, koma yatalimpa. Ine nizakuitanani Pepe."

"Simunandifunse ngati ndikufuna."

"Ningafunse bwanji, namba yanu nilibe?"

Tsiku limenelo namba sanampatse. Koma tumapepala toyezera shuga sitichedwa kutha, ndipo Chomba anabweranso, n'kubweranso. Pofika mu Seputembala, foni ya Perpetua inkalira dzuwa lisanatuluke.

"Pepe wanga, wauka bwanji? Nakulota futi."

"Mtima wanga, nikakomboka ku nchito nizakupitila. Osakwela minibasi, iwe sindiwe wa minibasi."

Chomba anali dalaivala pa kampani ina yogulitsa simenti ndi malata. Madzulo ankabwera ndi kagalimoto koyera ka kuntchito n'kukamutula ku Kabwata, kumene Perpetua ankakhala ndi mkulu wake Emmy. Loweruka ndi Lamlungu sankaoneka. Ankati masiku amenewo ndi a amayi, owachapira ndi kupita nawo ku tchalitchi. Perpetua sankadandaula. Mwamuna wokonda mayi wake chonchi angalephere bwanji kukonda mkazi wake?

Madzulo ena, m'malo mokhotera ku Kabwata, Chomba anawongola galimoto mpaka ku Chelstone. Atadutsa thanki yaikulu ya madzi analowa kamsewu kafumbi, n'kuchepetsa liwiro pafupi ndi geti yobiriwira yokhala ndi mtengo wa mango pambali.

"Waona paja? Ni pamene uzankhala. Chaka chino sichizasila usanangene pa geti ija."

"Bwanji osalowa ndikawapatse moni?"

"Lelo bagona, sibanauke bwino." Anawonjezera moto, n'kuusa moyo. "Uziba, Pepe, chamene chibababa maningi ni buledi. Dokota anabaletsa buledi ya mu shopu, ati muli shuga. Manje tsiku lililonse balila buledi monga mwana. Banakamba ati, mkazi wamene azanipangila buledi yopanda shuga, ameneyo ndiye mpongozi wanga."

Anamugwira dzanja.

"Ungakwanise, switi?"

Perpetua anali asanaphikepo buledi chibadwire. Ankadziwa kukazinga vitumbuwa basi, ndiponso vinkamwa mafuta. Koma pakamwa panayankha mutu usanaganize.

"Ndingakwanitse."

M'mawa mwake anafunsa Ba Bwembya, mkulu woona za mankhwala m'sitolomo, ngati uchi ungalowe m'malo mwa shuga.

"Uchi nawonso ndi shuga, asakunamize munthu," anatero Ba Bwembya. "Thira pang'ono chabe, kukoma kwinako kuchokere ku nthochi zakupsa. Ufa ukhale wabulauni. Ndipo wodwalayo asadye ngati wabwera ku phwando. Kagawo kamodzi kakwana."

Loweruka Perpetua analawirira ku msika wa Kabwata. Anagula ufa wa tirigu wabulauni, kapaketi ka yisiti, nthochi zamathothomathotho, ndi botolo la uchi wakuda umene mayi wogulitsayo analumbira kuti wachokera ku Kabompo. Atafika kunyumba anatulutsa mapoto onse amene Emmy ankasunga mu uvuni wa sitovu yawo yakale, n'kupukutamo fumbi la zaka.

"Uvuni ameneyu sanayakepo chigulireni," anatero Emmy atakhala pa mpando, akumasula tsitsi. "Zonsezi chifukwa cha mwamuna woliza hutala uja?"

"Dzina lake ndi Chomba, akulu."

Perpetua anasungunula yisiti m'madzi ochokera pamoto kumene, poganiza kuti akatentha kwambiri ndiye kuti zifulumira. Anakanya, anavundikira, anadikira. Ufa unangokhala phee m'beseni monga anausiyira. Anadikiranso mpaka masana, kenako anatopa n'kungouponya mu uvuni momwemo.

Chimene chinatuluka chinali chaching'ono, cholemera, chotuwa. Emmy anachinyamula n'kuchigogoda pa tebulo. Chinalira ngati njerwa.

"Iwe, ukufuna kuwagulula mano apongozi usanawaone n'komwe?"

Perpetua sanaseke. Analowa kuchipinda n'kulemba meseji. "Zakanika. Wauma gwa."

Yankho linabwera patapita nthawi. "Osataya mtima, Pepe wanga. Nabauza kale za iwe, bakondwela maningi. Bayembekeza chabe buledi."

Mawu amenewo anamupatsa mphamvu sabata yonse. Pa nthawi ya nkhomaliro ankapita kukaima pa zenera la bekale ina ya m'tauni, kuonerera mmene amuna a zipewa zoyera ankakanyira. Mayi wina wa ku tchalitchi anamuuza kuti yisiti ndi chinthu chamoyo, madzi otentha amachipha, ofunika ndi ofunda ngati osambitsira khanda.

Loweruka lotsatira ufa unatupa. Unatupa mpaka kukankha nsalu yovundikira. Perpetua anavina yekha m'khitchini. Anauika m'chitini chodzoza mafuta, n'kulowetsa mu uvuni, ndipo posachedwa fungo la nthochi ndi uchi linadzaza nyumba yonse mpaka kwa aneba.

Kenako magetsi anazima.

Anakhala pansi pa simenti, maso ali pa kagalasi ka uvuni, akupemphera kuti ayake. Buledi amene anali atakwera bwino uja anayamba kuphwa pakati, pang'onopang'ono, iye akuona. Pamene magetsi ankayaka kunali kutada. Kunja kwa buledi kunali kouma, m'kati muli phala lokhalokha.

Anaponya mpeni m'sinki. Ufa unali utatsala pang'ono, uchi wafika pakati pa botolo, manja akumuwawa mpaka m'mapewa.

"Perpetua, khala pansi ndikufunse," anatero Emmy. "Munthu ameneyu analowapo m'nyumba muno kudzandipatsa moni?"

"Amakhala wotopa, akulu."

"Mnzake ngakhale mmodzi unamuonapo? Mlongo wake? Nanga bwanji Loweruka foni yake imakhala yozima?"

"Amasamala mayi wodwala. Inu simungamvetse."

"Ine ndikumvetsa kuti mayi wofuna kuona mpongozi amati bwera naye ndimuone. Sayamba wapereka mayeso a buledi."

"Mukungochita nsanje chifukwa inu palibe amene amakulizirani hutala."

Mawuwo atatuluka, Perpetua analakalaka atawameza. Emmy anangomuyang'ana, n'kunyamuka kupita kukaanula zovala. Masiku angapo anadutsa akulankhulana za mchere ndi sopo zokha.

Chomba naye anayamba kufunsa pafupipafupi. Perpetua akangokwera m'galimoto, Chomba asanamufunse n'komwe mmene waswerera, funso linali lomwelo.

"Nanga buledi, switi? Amai banifunsa futi mailo."

"Ndikuyesetsa, Chomba. Bwanji ndikawaone kaye, buledi abwere pambuyo?"

"Awe, Pepe. Nifuna ukangene na ulemu, ukabadabwise. Bakalawa chabe, ine nituma bantu kwanu. Nalumbila."

Poopa kuzima kwa magetsi, Perpetua anayesa pa mbaula. Anathira mchenga pansi pa poto wamkulu, n'kukhazikamo chitini, pa chivundikiro n'kuikapo makala amoto. Palibe amene anamuuza kuti ufa wa uchi umapserera msanga. Atavundukula anapeza pamwamba pali bii, utsi uli tolotolo, chala chake chapakati chitapsa ndi chivundikiro. Anakhala pa khonde chala chili m'kapu ya madzi, misozi ikutsika. Kodi akazi ena amavutika chonchi kuti akwatiwe? Kodi chikondi chake pachokha sichinali chokwanira?

Emmy anatuluka ndi mafuta odzola pa bala. Anamugwira dzanja n'kumudzoza.

"Lamlungu m'mawa sazimitsa magetsi," anatero pomaliza. "Ndakhala ndikuona. Upite ku Misa yoyamba, ukabwera uyatse uvuni. Moto uchepetse."

Lamlungu limenelo Perpetua anachita zonse modekha. Madzi anawayesa ndi chigongono. Anafinya nthochi ndi foloko mpaka kusalala, anathira uchi supuni imodzi yokha, anakanya mpaka ufa unaleka kumata m'manja n'kuyamba kubwerera akaudina ndi chala. Beseni analiika padzuwa atalifunditsa chitenje. Mtima unkagunda nthawi yonse imene chitini chinali mu uvuni, khutu lili ku firiji kuti amve ngati yasiya kulira.

Magetsi sanazime.

Buledi anatuluka wokwera, wofiirira, wong'ambika pang'ono pamwamba. Atamugogoda kunsi analira ngati kang'oma. Emmy anabwera kuchokera kuchipinda atatsogoza mphuno.

"Mwana wa amayi, wakwanitsa. Tandidulira kakumapeto kokha."

"Ayi, akulu. Uyu apite wathunthu."

Anaimba foni ya Chomba. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, osayankhidwa. Analemba meseji mwachimwemwe. "Wokondedwa, buledi wapsa bwino! Bwera udzanditenge tipite kwa amayi."

Anasamba, anavala diresi yake ya buluu, anakhala pa mpando n'kumayang'ana foni. Dzuwa linafika pamutu. Kenako foni inanjenjemera.

"Pepe wanga, sole maningi. Abwana banituma ku Kitwe na malata. Nizabwela pa Chitatu. Sunga buledi, nizaitenga neka. Nikukonda kuchila vonse."

Lachitatu? Ndi kutentha kwa mu Okutobala kumeneku, buledi wa nthochi angafike Lachitatu osachita nkhungu? Masabata onse aja, chala chopsa, kukangana ndi mkulu wake, zonsezo zithere m'bini?

Anaimirira n'kutenga nsalu yoyera ya patebulo.

"Ndikukapereka ndekha. Nyumba ndikuidziwa."

"Wekha, kwa apongozi, popanda wokuperekeza?" anafunsa Emmy.

"Sindikakhalitsa. Ndikangopereka moni ndi buledi, basi."

Anamanga chitenje pamwamba pa diresi, n'kukwera minibasi ya m'tauni, kenako ina ya ku Chelstone. Anthu anali othithikana, koma iye anaufungatira mtolo wake pamiyendo kuti wina asaukhalire. Mayi amene anakhala naye pafupi anafunsa kumene anagula buledi wonunkhira chonchi.

"Ndaphika ndekha," anayankha, ndipo kanali koyamba kumwetulira kuchokera pamene meseji ija inafika. "Ndi wa apongozi anga."

Anatsika pa thanki n'kulowa kamsewu kafumbi kaja. Geti yobiriwira inali pomwepo. Anagogoda ndi kamwala. Pa mpata wa geti anaona kagalimoto koyera kali pansi pa mango, koma anadziuza kuti malata a ku Kitwe amapita pa lole.

Anatsegula ndi mayi wachitsikana, wamkulupo pang'ono kuposa iye. Anali ndi pakati potopa, mapazi atatupa mpaka patapata kulowa m'mnofu.

Perpetua anapinda mawondo. "Odi, mayi. Ndabwera kwa amayi awo a Ba Chomba."

"Amai bake?" Mayiyo anakwinya nkhope. "Bali ku Mansa. Ni zaka sibanabwele kuno. Mwachokela ku chalichi?"

"Ku Mansa? Koma si amene akudwala shuga?"

Mayi uja anaseka, dzanja lili pamsana. "Wa shuga ndine, mama. Inanigwila na mimba iyi." Anatembenukira kunyumba n'kukweza mawu. "Bashi Musonda, bwelani, kuli alendo."

Perpetua anakulira mu Lusaka, ndipo ankadziwa kuti mkazi wa Chibemba akaitana choncho akuitana bambo wa mwana wake. Anayang'ana pa khomo la nyumbayo akupemphera kuti patuluke munthu wina aliyense.

Anatuluka Chomba, atavala kabudula ndi vesiti, m'manja muli limoti ya TV.

Anaima. Nkhope yake inachita ngati yathiridwa madzi ozizira. Koma sizinatenge nthawi, kumwetulira kuja kunabwerera, komwe kuja kwa tsiku loyamba.

"Aa, Exildah, aba ni ba sisi baja ba ku shopu ya mankhwala. Baja nenze kukuuza ati baziba kupanga buledi yopanda shuga. Ba sisi, mwachita bwino kubwelesa. Aba ni madamu banga."

Ba sisi. Perpetua anaufungatira mtolo wake.

"Ni imwe?" Exildah anaomba m'manja. "Ngenani, ngenani. Simungabwelele pa geti. Uyu mwamuna ananilonjeza kudala, nenze naganiza ati ni boza."

Anamukoka dzanja, ndipo Perpetua analowa ngati munthu wolota. M'chipinda chochezera munali chithunzi chachikulu cha ukwati, Chomba atavala suti yotuwa, akumwetulira. Pansi panali tinsapato ta mwana. Pa tebulo panali kabokosi ka tumapepala toyezera shuga, ka m'sitolo yawo.

Exildah anabweretsa tiyi wopanda shuga ndi mpeni. Anamasula nsalu, n'kununkhiza buledi maso atatseka. Anadula kagawo, analuma, anatafuna pang'onopang'ono. M'maso mwake munalengeza misozi.

"Mwebantu. Miyezi yonse iyi nenze kulota chabe buledi. Muli nthochi, ai? Mulungu akudaliseni, mama. Simuziba chamene mwanichitila."

Perpetua ankafuna kukuwa. Ankafuna kugubuduza tebulo, kuswa chithunzi chija, kumuponyera Chomba tiyi kumaso. Koma ankati akayang'ana mapazi otupa aja, ankangogwiritsa kapu yake ya tiyi. Chomba anakhala pa mkono wa sofa, akusinthasintha matchanelo, thukuta likutsika m'khosi.

Exildah anadula kagawo kachiwiri.

"Nipaseni namba yanu. Nizayamba ku oda sabata iliyonse mpaka nikapape mwana uyu. Foni yanga ilibe moto." Anatambasula dzanja n'kutola foni ya mwamuna wake pa tebulo.

"Siya, nili nayo kale," anatero Chomba mofulumira.

"Ili pati? Dzina ni ndani, mama?"

"Perpetua."

Exildah anafufuza m'foni. "Mulibe Perpetua muno. Kambani, nilembe."

Chomba anamuyang'ana Perpetua ali kumbuyo kwa mkazi wake. Anapukusa mutu pang'ono, maso akupempha. Ndi maso omwewo amene ankamuyang'ana nawo m'galimoto akulumbira za kutuma anthu kwawo.

Perpetua anatchula nambayo, modekha, osalumpha kanthu.

Exildah anadina batani loimbira kuti aone ngati walemba bwino. Kenako anasuzumira dzina limene linatuluka pa foniyo, n'kuiyandikitsa kumaso.

"Gilson Makanika?"

M'chikwama cha Perpetua foni inayamba kulira. Anaitulutsa n'kuiika pa tebulo, pafupi ndi buledi. Pa galasi lake panali kuthwanima mawu awiri amene aliyense akanatha kuwerenga: Mtima Wanga.

Inalira, inalira, mpaka inaduka yokha. Palibe amene anaigwira.

"Gilson," anatero Exildah motsitsa, osayang'ana mwamuna wake. "Gilson wamene mumatumila foni kuseni na madzulo, ati motoka yavuta."

"Exildah, leka nikufotokozele..."

"Nkhalani zii." Anatembenukira kwa Perpetua. Mawu anatuluka owongoka. "Munali kuziba za ine?"

"Ayi, mayi. Anandiuza kuti wodwala ndi amayi ake. Anati ndikaphika buledi ameneyu adzatuma anthu kwathu. Lero anati ali ku Kitwe." Anayang'ana buledi uja. "Ine ndinabwera kudzaonekera kwa apongozi."

Exildah anayang'ana kagawo kamene kanali m'dzanja lake, kolumidwa kale mbali imodzi. Anakaika pa mbale pang'onopang'ono, n'kugwira mimba yake ndi manja onse awiri.

Perpetua anatola foni ndi chikwama. "Pepani, mayi. Mundikhululukire."

Anali atafika pa geti pamene anamva mapazi kumbuyo. Chomba anamugwira pamkono, akunong'ona mwaukali.

"Wachita chani manje? Sunaone ali na mimba? BP ikakwela, uzakamba chani? Ninakuuza ati sunga buledi, nizaitenga neka."

Perpetua anayang'ana dzanja lomugwiralo mpaka Chomba analichotsa. Ankayembekeza kuti mwina amva mawu opepesa, ngakhale amodzi. Sanabwere.

"Bwererani m'nyumba mukawayeze shuga akazi anu," anatero. "Adya kopitirira muyeso. Ndipo ku sitolo kwathu musadzapondeko."

Anayenda kamsewu konse osacheuka. Ali m'minibasi foni inanjenjemera. "Switi, usakalipe. Tikambe mailo, nizakuuza vonse. Ni iwe nikonda." Anaiwerenga kamodzi, anafufuta, n'kuzimitsa foni. Maso anali ouma gwa njira yonse, m'tauni monse, mpaka ku Kabwata.

Anapeza Emmy ali m'khitchini, akukwecha chitini cha buledi chija. Mapoto sanawabwezere mu uvuni, anali atawasanja pansi pa tebulo.

"Wabwera msanga," anatero Emmy osatembenuka. "Nanga apongozi? Amukonda buledi?"

"Amukonda kwambiri," anayankha Perpetua. "Adula kawiri."

Mawuwo anatuluka osweka. Emmy anatembenuka, anaona nkhope ya mng'ono wake, n'kusiya chitini m'madzi. Anapukuta manja pa chitenje n'kumukumbatira, ndipo apo m'pamene Perpetua anayamba kulira.